Dzimbiri pa Land Rover Yakale: Ntchito Iyambire Kunsi

Pa mafamu ambiri, pa mamishoni ndi pa masukulu a zaulimi m'dziko muno pali Land Rover yakale imene inaima kalekale pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Ina ikuyendabe. Ndiyo imatuta chimanga kuchokera ku minda ya kutsidya kwa dambo, ndiyonso imathamangira ndi wodwala kuchipatala mu Febuluwale pamene magalimoto aang'ono agonja ndi matope. Eni ake akaganiza zoikonza, funso loyamba limene amabwera nalo kwa ife limakhala la mtengo wa penti ndi malita amene angafunike. Ife timawayankha kuti penti adikire, pakuti pa galimoto ya mtundu umenewu mbali imene maso amaiona ndi imene ilibe vuto lalikulu, ndipo mbali imene ingaphe munthu ili kunsi, kumene palibe amene amafuna kukwawirako.

Chifukwa chake chili m'mapangidwe a galimotoyi. Land Rover yoyamba inaonetsedwa kwa anthu mumzinda wa Amsterdam m'chaka cha 1948. Anaipanga ndi a kampani ya Rover ku Solihull m'dziko la England, ndipo Maurice Wilks, amene anayambitsa ganizoli, ankafuna galimoto yogwira ntchito za pa famu. Nthawi imeneyo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha, chitsulo chinkagawidwa moyeza ndi boma, pamene aluminiyamu ankapezeka mosavuta. Motero bodi anaipanga ndi Birmabright, amene ndi aluminiyamu wosakaniza ndi magineziyamu pang'ono. Chasisi, chimene chimasenza zonse, anachipanga ndi chitsulo. Khoma lolekanitsa injini ndi pokhala anthu, limene amakaniko amalitcha bulkhead, nalonso ndi lachitsulo, chimodzimodzinso mafelemu a m'kati mwa zitseko. Mapangidwe amenewa anapitirira pa Series III, imene inkapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985, mpaka pa Defender yakale imene analeka kuipanga mu Januwale 2016.

Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira. Akakumana ndi mpweya amadzikuta yekha ndi kachikopa kopyapyala kwambiri kosaoneka ndi maso, ndipo kachikopako kamatchinga kuti mpweya usapitirire kumudya. Chitsulo sichitero. Dzimbiri lake limatupa, n'kusweka, n'kugwa ngati makoko, kenaka chitsulo chatsopano chimaonekera poyera ndi kuyambanso kudyeka. Ndiye chifukwa chake Land Cruiser yakale, imene bodi yake ndi yachitsulo, imaulula matenda ake msanga pa madigadi ndi m'munsi mwa zitseko, pamene Land Rover ya zaka 40 imatha kuoneka yabwinobwino chasisi chitatsala ngati chikhungwa cha mtengo wofumbwa. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kumene dzimbiri la pa famu limachokera

Kuti chitsulo chichite dzimbiri pafunika madzi ndi mpweya, ndipo mchere uliwonse wosungunuka m'madzimo umafulumizitsa ntchitoyo. Ku Ulaya amathira mchere m'misewu nyengo ya chisanu, ndipo m'mbali mwa nyanja zamchere mphepo imabweretsa wake. Kuno kwathu tilibe zonse ziwirizi, ndiponso tili ndi chilimwe chachitali chimene chimaumitsa zinthu. Magalimoto athu anayenera kukhala nthawi yaitali kuposa a kumeneko. Amene amaola amaola ndi zinthu ziwiri zimene timawapatsa tokha, matope ndi fataleza.

Chasisi cha Land Rover ndi zitsulo ziwiri zazitali za mphako, zolumikizidwa ndi mitanda yopingasa, ndipo m'mbali mwake muli nthambi zotulukira kunja zimene zimanyamula bodi. Zonsezi zili ndi mabowo. Galimoto ikawoloka dambo kapena mtsinje, madzi amatope amalowa pa mabowowo, madzi n'kutsika, dothi n'kutsala. Dothi la makande limasunga chinyezi kwa masabata ambiri, monga mlimi aliyense akudziwira, ndipo likatseka timabowo ta kunsi totulutsira madzi, m'kati mwa chasisi mumakhala ngati dimba. Dzimbiri lotere limadya kuchokera m'kati kupita kunja. Pamene likuonekera pa penti, chitsulo cha pamalopo chimakhala chitatha kale.

Fataleza ndiye mchere wathu. Urea ndi ammonium nitrate amakoka chinyezi kuchokera mumpweya, n'chifukwa chake thumba lotsegula limasanduka chibuma kapena madzi. Potashi wa m'mafataleza ambiri ndi mchere wa kloraidi, umene umaboola ngakhale kachikopa koteteza aluminiyamu kaja. Timibulu tochepa totayika m'bodi mu Novembala timalowa m'mipata ya pansi, mvula n'kutisungunula, madziwo n'kudonthera pa mtanda wakumbuyo wa chasisi. Onjezanipo mchere wa ng'ombe, manyowa a m'khola, mankhwala a kopa opopera matimati ndi simenti yonyowa, imene imadya aluminiyamu mofulumira. Galimoto ya pa famu imanyamula zonsezi m'chaka chimodzi, ndipo nthawi zambiri imangoseseredwa ndi tsache.

Pali mtundu wachitatu wa kudyeka umene umapezeka pamene aluminiyamu wagundana ndi chitsulo pali chinyezi. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi amchere zimakhala ngati kabatire kakang'ono, ndipo chimodzi chimadyeka kuti chinzake chitsale. Pa ziwirizi wodyeka ndi aluminiyamu. Chizindikiro chake ndi ufa woyera ngati phulusa, ndi matuza a penti mozungulira mabawuti, m'munsi mwa zitseko, pa bokosi la mipando ndi pamene bodi yakumbuyo yamangidwira ku chasisi.

Kufunsa chitsulo ndi nyundo

Tisanagule kanthu kalikonse, galimoto itsukidwe kunsi mpaka dothi lonse litachoka, paipi ya madzi ilowetsedwe m'mphako za chasisi kufikira madzi otuluka atayera, ndipo isiyidwe padzuwa masiku angapo. Kenaka munthu agone chagada pa mkeka ndi nyundo yaing'ono, sikuludiraiva yolimba ndi choko, atavala magalasi oteteza maso. Chitsulo chamoyo chimalira momveka bwino, nyundo n'kubwerera. Chitsulo chodyeka chimalira mogontha, chimafwamphuka, ndipo m'kati mumamveka zinyenyeswa zikugwa. Musachite chisoni pomenya. Bowo limene nyundo yaboola lero likanabooledwa ndi mwala wa mumsewu galimoto ili ndi katundu.

Malo oyenera kuwaunika modekha ndi mtanda wakumbuyo, umene umakoka ngolo. Nthambi zonyamula bulkhead, zimene zili kumbuyo kwenikweni kwa matayala akutsogolo ndipo zimalandira matope onse. Pamene masipuling'i amangiriridwa. Nsonga zakutsogolo za chasisi. Ndi pamwamba pa chasisi pamene chakhota kudumpha ekiselo yakumbuyo, chifukwa pamenepo dothi limakhala osaoneka. Paliponse pofooka pazunguliridwe ndi choko. Pa bulkhead yang'anani popondera mapazi, nsanamira zimene zitseko zimapachikidwapo, ndi ngodya za pamwamba pafupi ndi galasi lakutsogolo. Maginito a sipika yakale ya wailesi amathandiza kwambiri: amakakamira pa chitsulo, sakakamira pa aluminiyamu, ndipo amagwa pamalo pamene wina anamatapo phala lochindikala kuti abise bowo.

Tikufuna kutsindika za popondera mapazi pa mbali ya dalaivala. Zopondera za mabuleki ndi kalachi zamangidwa pa bulkhead, pamwamba pa malo amenewa. Mafuta a mabuleki akamadontha amasupula penti, madzi a nsapato ndi a mvula n'kumaliza ntchitoyo. Dalaivala akaponda buleki mwamphamvu potsika phiri, chimene chimalandira mphamvu ya mwendo wake ndi chitsulo chomwecho. Ngati chimapindika mukaponda, galimotoyo isanyamule munthu kufikira chitakonzedwa, ngakhale injini yake ikulira mokoma chotani.

Choko chikatha kulemba, ndi nthawi yowerengera. Nthambi ziwiri kapena zitatu, mtanda wakumbuyo ndi zigamba zochepa ndi ntchito imene shedi ya pa famu ingathe. Koma ngati zitsulo zazitali zija zafooka m'malo ambiri pakati pa masipuling'i akutsogolo ndi akumbuyo, chigamba chilichonse chidzangosamutsira mng'alu pa chitsulo chofooka choyandikana nacho. Pamenepo nzeru ndi kufunafuna chasisi china, kapena kuisandutsa galimotoyo nkhokwe ya zipangizo za inzake. Dziwaninso kuti pa Land Rover za Series nambala ya chasisi inadindidwa kutsogolo mbali ya kumanja, pamene sipuling'i imamangiriridwa. Pamenepo musadule, musapere, musawotcherere musanalankhule ndi a ofesi yolembetsa magalimoto ndi apolisi, chifukwa galimoto imene nambala yake yasokonekera imavuta kuilembetsa ndi kuigulitsa komwe.

Moto usanayatsidwe

Pa Land Rover zambiri za Series thanki ya mafuta ili pansi pa mpando wa dalaivala, pafupi kwambiri ndi nthambi zimene zimafuna kuwotcherera. Ichotsedwe yonse ndi kuikidwa kutali. Thanki yopanda mafuta ndi yoopsa kuposa yodzaza, popeza chimene chimaphulika ndi nthunzi yake. Batire lichotsedwe, mawaya a alternator amasulidwe. Mtolo wa mawaya a magetsi akumbuyo umadutsa m'kati mwa chasisi, choncho usololedwe mutamangirira chingwe kumapeto kwake, kuti chingwecho chidzaukokenso pobwezera. Mapaipi a mabuleki ndi a mafuta apatutsidwe. Udzu wouma ndi mapesi zichotsedwe mozungulira shedi, ndipo pakhale munthu wachiwiri wokhala ndi ndowa ya mchenga ndi chozimira moto, amene ntchito yake ndi kuyang'ana basi. Galimoto ikhale pa zochirikiza zachitsulo kapena pa zipika za mtengo wolimba. Njerwa zimaphwanyika mosachenjeza, ndipo jeke ndi wonyamulira chabe.

Mbali zina za galimotoyi, monga zitsulo zotuwa za m'mphepete mwa bodi ndi bampala, zinakutidwa ndi zinki monga malata a denga. Zinki akapsa amatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa munthu ngati malungo usiku womwewo. Aperedwe kaye pamalo powotcherera, ndipo ntchitoyo ichitikire pamalo popita mphepo. Owotcherera ambiri amakhulupirira kuti kapu ya mkaka imachotsa poizoni wa utsiwo. Mkaka umapita m'mimba pamene utsi wapita m'mapapo, ndipo ziwirizi sizikumana.

Kudula ndi kuika chigamba

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimalakwikira, choncho tikhalitsapo pang'ono. Njira yofala m'magalaja a m'mphepete mwa msewu ndi kutenga chitsulo chochindikala, kuchisanjika pamwamba pa bowo ndi kuchiwotcherera mozungulira. Imatha msanga ndipo imaoneka yolimba. Koma dzimbiri latsekeredwa pansi pake pamodzi ndi mpata wosunga madzi, ndipo chigambacho chagwirira pa chitsulo chopyapyala chimene chikudyekabe. Pakapita nyengo zochepa za mvula chigamba chimatsala chili chilili, chasisi chitang'ambika m'mphepete mwake.

Dzimbiri lobowola lilibe mankhwala, limadulidwa. Musanadule, galimoto ikhale pamalo osalala, chasisi chichirikizidwe mbali zonse ziwiri za pamene mudule, ndipo muyeze mopingasa kuchokera ngodya ina kufika ngodya inzake, miyeso ilembedwe pakhoma. Dulani ndi girayinda kupyola mzere wa choko mpaka mutafika pa chitsulo chowala chimene kuchindikala kwake sikunachepe. Bowo limakula kuposa mmene munaganizira, ndipo zimenezi zisakudetseni nkhawa. Bowolo likatseguka, lowetsanipo dzanja ndi waya kuti mutulutse dothi ndi makoko onse a m'kati, pakuti mwayi wotere subweranso.

Chitsulo cha chasisi cha Series chimachindikala pafupifupi mamilimita 2, ndipo chigamba chikhale chofanana nacho. Chochindikala kwambiri sichipindika pamodzi ndi chasisi galimoto ikamagwedezeka m'mabampu, motero mphamvu yonse imasonkhana pa msoko. Lata la denga ndi chitsulo cha mgolo n'zopyapyala, ndiponso kudula mgolo umene munali mafuta kwavulaza anthu ambiri. Jambulani bowolo pa katoni, dulani katoniyo mpaka italowa bwino, ndiyeno isamutsireni pa chitsulo. Chigamba chilowe m'bowo, milomo yake ikumane ndi milomo ya chasisi. Ngodya zake zikhale zobulungira, popeza mng'alu umakonda kuyambira pa ngodya yakuthwa, ndipo pa zitsulo zazitali zija msoko uyende mopendekeka, usaime chilili kuchokera pamwamba kufika pansi.

Amene ali ndi makina a MIG ntchito imawapepukira. Ambiri a ife tili ndi makina a ndodo, ndipo nawonso amatha ntchitoyi ngati munthu ali wodekha: ndodo ya 6013 ya mamilimita 2, moto wa maampeya pakati pa 40 ndi 60, mutayesera kaye pa zidutswa zotsala. Gwirizitsani chigamba ndi timadontho m'ngodya zonse, yezaninso, kenaka wotchererani timizere tatifupi ta masentimita awiri kapena atatu, mukudumpha kuchoka mbali ina kupita ina ndi kulola chitsulo kuzizira. Msoko umodzi wautali umakoka chasisi n'kuchikhotetsa, ndipo galimoto yake imadzayenda cham'mbali ngati nkhanu, ikudya matayala. Gogodani makoko a ndodo, tsukani ndi burashi ya waya, ndipo muunike ndi tochi kumbuyo kwa msoko ngati n'kotheka. Pamene kuwala kwadutsa, madzi adzadutsanso. Ophunzira amene sanazolowere kuwotcherera chagada aphunzirire pa ngolo ndi pa zipata za khola. Pamene pamangiriridwa masipuling'i ndi chiwongolero pagwire mmisiri amene dzanja lake likudziwika.

Nthambi ndi mtanda wakumbuyo zikaola kwambiri, kuzichotsa zathunthu ndi kuika zatsopano kumaposa kuzisoka zigamba. Zimagulitsidwa zopangiratu, ndipo mmisiri wodziwa kupinda chitsulo angathe kuzipanga potengera zakale. Mtanda wakumbuyo umangidwe kaye ndi mabawuti ku bodi kuti bodiyo iuonetse malo ake, ugwirizitsidwe ndi timadontho, ndipo pokhapo uwotchereredwe.

Bulkhead imafuna dzanja lopepuka chifukwa chitsulo chake n'chopyapyala kuposa cha chasisi, ndipo ndodo imangochiboola. Pamafunika MIG kapena moto wa gasi. Yezani mpata wa chitseko pamwamba ndi pansi musanadule, mangani chitsulo chopingasa kuti nsanamira isasunthe, ndipo malizani mbali imodzi musanayambe inzake, kuti yotsalayo ikhale chitsanzo. Munthu akadula mbali zonse ziwiri tsiku limodzi, zitseko sizidzatsekekanso bwino.

Aluminiyamu ali ndi khalidwe lake

Tsopano tifike pa bodi. Mmisiri wozolowera chitsulo ayenera kuiwala zina mwa zimene manja ake akudziwa. Chitsulo chimafiira chikatentha, ndipo chimasungunuka chikafika madigiri pafupifupi 1,500. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndipo safiira konse: amaoneka chimodzimodzi mpaka pamene wangogwa n'kusiya bowo. Amaumanso akamamenyedwa. Mukamawongola chibonkho pa madigadi, nkhonya zoyamba za nyundo zimayenda bwino, kenaka chitsulocho chimakanika, ndipo mukaumirira chimang'aluka.

Njira yomufewetsera ndi yakale ndipo imafuna sopo wochapira wa mtanda. Chotsani penti pamalopo, pakani sopo, ndipo tenthetsani kuseri kwake ndi moto wofatsa, mukuuyendetsa mozungulira osaima pamodzi. Sopo akada, chotsani moto ndi kulola malowo kuzizira. Aluminiyamu amakhala atafewa, ndipo amawongoka ndi nyundo ya mtengo, kuseri mutachirikiza ndi chipika chosalala kapena thumba la mchenga. Akayambanso kuuma, bwerezani. Menyani kuyambira m'mphepete mwa chibonkho kulowera pakati, pang'onopang'ono, pakuti aluminiyamu akatambasuka kubwerera kwake n'kovuta.

Pamene pang'ambika kapena padyeka mpaka kubooka, kuwotcherera kumafuna makina a TIG, amene amapezeka m'matauni aakulu. Pa famu njira yabwino ndi chigamba cha aluminiyamu chomangidwa ndi maliveti a aluminiyamu, pakati mutapaka phala lotsekera madzi. Kumapeto kwa mng'alu boolani kabowo kakang'ono kuti usapitirire. Palibe chochititsa manyazi pa chigamba cha maliveti, popeza mbali zambiri za bodi imeneyi zinamangidwa ndi maliveti kufakitale komwe. Ndipo sitiona chifukwa chothera sabata yathunthu kusalaza tizibonkho tonse ta galimoto imene mwezi wamawa idzakhala ikukhulana ndi zitsamba. Phala losalazira limene amagulitsa m'zitini likhale lopyapyala, pa chitsulo choyera chokha. Lochindikala limasweka ndi kugwedezeka, ndipo likamwa chinyezi limabisa dzimbiri.

Zinthu ziwiri zisayandikire aluminiyamu. Choyamba ndi soda wa kositiki amene ena amachotsera penti. Amayi amadziwa mmene poto wa aluminiyamu amadera akaphikiramo thelele la soda kapena la chidulo, ndipo kositiki ndi waukali kuposa pamenepo, amadya chitsulo chenichenicho. Chachiwiri ndi burashi ya waya imene yagwira kale pa dzimbiri, chifukwa imasiya tizidutswa ta chitsulo timene timayambitsa kudyeka pansi pa penti watsopano. Aluminiyamu akhale ndi sandipepa yakeyake.

Zitseko ndizo zimaonetsa bwino udani wa zitsulo ziwirizi. Chikopa cha aluminiyamu chinapindiridwa pa felemu yachitsulo, ndipo madzi olowera pa galasi amaima m'munsi. Fewetsani mpindirowo ndi moto ndi sopo, utambasuleni mosamala, dulani chitsulo choola cha felemu ndi kuika china, chipakeni penti mpaka aume, ndipo pokhapo bwezerani chikopacho mutaika phala lotsekera pakati. Boolaninso timabowo ta kunsi kwa chitseko.

Lamulo lomweli ligwire paliponse pomanga bodi: aluminiyamu asakhudze chitsulo chosapaka. Tizidutswa ta pulasitiki todulidwa ku chigubu chakale timakwanira pakati pa bodi ndi chasisi ndiponso pansi pa mawashala. Mabawuti okutidwa ndi zinki ndi abwino kuposa a stainless, amene amawala mokongola koma amafulumizitsa kudyeka kwa aluminiyamu wowazungulira. Girisi wa kopa nayenso asapakidwe pamenepo. Mukalekanitsa chotere, kumbukirani kuti nyali zambiri zimabwezera magetsi ake kudzera m'bodi. Zikayamba kuthima kapena kuphethira zonse pamodzi, kokani waya wa ethi kuchokera pa nyalizo kufika pa chasisi.

Penti, ndi m'kati mosaoneka

Dzimbiri la pamwamba chabe, limene silinachepetse chitsulo, lipalidwe ndi burashi ya waya ndi kupakidwa mankhwala a asidi wa fosiforiki, amene amasandutsa lotsalira m'timaenje kukhala chikopa chakuda chogwira penti. Mankhwalawa salowa m'makoko ochindikala ndipo sabwezera chitsulo chimene chatha. Pa chasisi ndi bulkhead pakani penti woyamba wa red oxide kapena wa zinki tsiku lomwelo, kenaka penti wakuda wa chasisi kawiri. Phula lochindikala limene ena amapopera kunsi sitilikonda pa galimoto yakale, chifukwa likang'aluka limasunga madzi kuseri kwake ndipo nyundo simvanso bwino chimene chili pansi.

Aluminiyamu amakana penti wamba, amene amasupuka ngati khungu la njoka. Amafuna penti woyamba wotchedwa etch primer, amene ali ndi asidi pang'ono woluma chitsulo, wopakidwa mopyapyala mutangomaliza kukwecha ndi kupukuta mafuta onse. Pamwamba pake penti wa enamel wopaka ndi burashi yabwino kapena kachogudubuza ka siponji amakwanira, ndipo akakalika amakonzeka mosavuta. Penti wa 2K, wosakaniza ndi choumitsira, ali ndi mankhwala owononga mapapo amene kansalu ka pamphuno sikawatchinga, choncho asiyireni okhala ndi chipinda chopoperamo ndi zovala zake. Pokwecha penti wakale nyowetsani sandipepa, pakuti penti wa zaka zimenezo angathe kukhala ndi mtovu.

Nyengo yabwino ya ntchito yonseyi ndi pambuyo pa kukolola. Kudula ndi kuwotcherera kuchitike mu Juni ndi Julayi. Popaka penti dikirani mame aume ndi chitsulo chifunde, ndipo lekani dzuwa lisanapendeke kwambiri. Mphepo ya mu Ogasiti imanyamula fumbi, choncho pansi pa shedi pawazidwe madzi ndipo mbali yochokera mphepo itchingidwe.

Chotsala ndi m'kati mwa chasisi, kumene dzimbiri linayambira ndiponso kumene moto wowotcherera wapsereza chilichonse chimene chinkateteza. Burashi siifikako. Mumafunika mafuta a phula opangidwira mphako za magalimoto, opoperedwa ndi kapaipi kolowetsa pa bowo lililonse mpaka atayamba kudontha kunsi. Kutentha kwa mu Okutobala kumathandiza, chifukwa mafutawo amasungunuka n'kuyenderera m'misoko yonse. Oilo wakutha wa mu injini, amene ambiri amathira chifukwa ndi waulere, ali ndi asidi ndi zinyalala za injini, amafewetsa mphira za masipuling'i, ndipo amakathera m'nthaka ndi m'chitsime. Ngati mafuta a phula sakupezeka, oilo watsopano wosakaniza ndi girisi pang'ono ndi wabwinopo. Nsanamira za bulkhead ndi mafelemu a zitseko zilandirenso gawo lake.

Galimoto ikabwerera ku ntchito, m'bodi muyalidwe lona kapena pulasitiki yochindikala nthawi zonse ponyamula fataleza, mchere, manyowa kapena simenti, ndipo mutsukidwe ndi madzi ambiri tsiku lomwelo. Mphasa za mphira za popondera mapazi zizichotsedwa kuti pansi paume. M'nyengo ya mvula, kamodzi pa mwezi, wina alowe kunsi ndi kawaya n'kutokosa timabowo tonse totulutsira madzi, ndipo mu Meyi, misewu ikauma, paipi ya madzi ilowenso m'chasisi kufikira madzi otuluka kumbuyo atayera.